Zimene Rashidi Anakuuza pa Foni

Hawa mwana wanga,

Mtendere wa Mulungu ukhale nawe. Ndikulemba masana ano pamene wapita kukatsanzika kwa azakhali ako, ndipo kalatayi uipeza pamwamba pa chikwama chako. Usaiponye m'thumba kuti ukawerengere m'basi ya ku Lilongwe kapena mu ndege. Uwerenge lero, ukadali m'nyumba muno. Ndikanatha kukuuza pakamwa, koma umandidziwa: ine ndikayamba kulankhula ndimakwera, iwenso umakwera, mapeto ake timakangana za ndowa pamene nkhani inali ina. Papepala pano sundidula mawu.

Dzana lija mchimwene wako Rashidi ataimba kuchokera ku Joni, unaika foni pa sipika uku ukupinda zovala. Unkayesa ndagona. Ndinakumva ukumufunsa kuti, “Achimwene, amayi akuonda chonchi, ine ndinyamukedi?” Iye anayamba wakhosomola, kenaka anati, “Aaa, iwe pita kusukulu. Amayi ali pa rough patch chabe. Ukadzabwera pa holide udzawapeza atanenepa.” Unaseka, ndipo ndinamva ndithu kuti mtima wako wakhala pansi. Wanga sunakhale pansi. Sukulu ndinalekezera Sitandade 6, koma mawu awiri a Chizungu amenewo ndimawadziwa bwino kuposa iwe wa mapointi abwinowe. Tsono usanapite ku India kukaphunzira za mankhwalazo, ndikufuna umve tanthauzo lake, mmene anthu amawagwiritsira ntchito, ndiponso chifukwa chake mchimwene wako sanakuuze zoona za ine.

Ndinayamba kuwamva ku kaloji kaja ndinkasitako zofunda, m'mbali mwa msewu wa ku Monkey Bay. Iwe unali kusekondale, kogonera konko. Nyanja inakwera chaka chimenecho, madzi n'kulowa m'zipinda za kutsogolo, mpaka achule kumaswana pansi pa mabedi amene alendo ankalipira ndalama zambiri kuti agonepo. Alendowo anasiya kubwera. Bwana wathu, mkulu wina wa ku Blantyre wokonda mafuta onunkhira, anatisonkhanitsa pansi pa mtengo wa mango. Analankhula Chichewa chabwinobwino. Anatithokoza, anati ndife banja limodzi, anatchula ngakhale maina a ana athu. Atafika pa nkhani yeniyeni, lilime linatembenuka. Anati iyi ndi rough patch, tipite kunyumba tikapumeko, atiitana.

Ndinakodola a Bonifasi, khukhi wathu, mkulu wa Anglikani wa kutsidya, amene anagwira ntchito kwa azungu moyo wawo wonse. Ndinati, “A Bonifasi, pamenepa akuti chiyani?”

Iwo anati, “Mayi, munakwerapo matola ya ku Katuli? Pali malo aja msewu unakumbika, galimoto imachita kudumpha, mano n'kumaombana. Mukapirira pang'ono mumatulukamo. Malo otero ndi amene azungu amawatcha choncho. Ndiye amanenanso pa za moyo: bizinesi ikavuta, banja likagwedezeka, thupi likafooka. Kunena kwake n'kwakuti gwiritsitsani, ndi za kanthawi, zidutsa.”

Ndinakhutira. Ndinaiwala kuwafunsa kuti kodi msewu wa ku Katuliwo unakhalapo bwino liti.

Yunifolomu yanga ndinaichapa, kuisita, n'kuipachika kuseri kwa chitseko. Mnzanga wina anabwera kudzandiuza kuti ku hotela ina ya ku Makokola akufuna wosita, tipite mawa lomwe. Ndinamuyankha monyada kuti ine ndili pa ntchito, tikungodikira madzi aphwe. Mwezi unatha, wina unatha. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinakumana ndi lole itanyamula mafiliji athu ndi matiresi. Mlonda anati akukawasunga kouma. Ndinakhulupirira zimenezonso! Ndinadzazindikira tsiku limene ndinapeza chikwangwani cha pa geti atachizula, dzenje lokha litatsala. Ndinathamangira ku Makokola, koma malo aja anali atatenga wina kalekale. Fodya wako ndi amene ali pamphuno, mwana wanga. Kuyambira pamenepo ndinalowa geni ya usipa, imene yakulipirira fizi mpaka kumaliza Fomu 4.

Tsono imva. Munthu akakuuza kuti vuto ili ndi la kanthawi, usamuyang'ane pakamwa, yang'ana zimene manja ake akuchita. Ngati akunena kuti tibwereranso uku akukweza mafiliji pa lole, khulupirira lole. Ndipo umufunse mafunso awiri: zitha liti, nanga tikuchitapo chiyani? Woyendetsa matola amene amaudziwa msewu amakuuza kuti tikangodutsa mlatho uwo, basi tapulumuka. Amene akungoti zidutsa, zidutsa, osatha kuloza pamene zikathere, mwina nayenso sakudziwa, mwina akudziwa koma sakufuna iwe udziwe.

Usaganize kuti ndikunena kuti mawuwo ndi abodza nthawi zonse. Mavuto odutsa alipo, ndipo ine ndinatsala pang'ono kutaya bambo ako chifukwa chosadziwa zimenezo. Ndili ndi mimba yako, mwera unagubuduza bwato lawo. Anthu anapulumuka, koma bwato, injini ndi ukonde wa chilimira zinapita. Bambo ako anasanduka munthu wina. Ankangokhala pakhonde, ukawapatsa moni ngati wawatukwana. Kenaka anangodzuka n'kupita ku Chembe osatsanzika bwino. Uthenga osatumiza. Akazi a pachitsime, amene sasowa nkhani, anandiuza kuti akwatirako, wina mpaka anafotokoza maonekedwe a mkaziyo. Ndinamanga katundu wanga, Rashidi kumbuyo, kuti ndizipita kwa achimwene anga ndikawauze kuti banja latha. Chimene chinandiletsa si nzeru ayi. Kunagwa chimvula, mtsinje unadzaza, galimoto sizinadutse sabata yonse. Mkati mwa sabata imeneyo bambo ako anatulukira wapansi, ataonda ngati bango, zikhato zitang'ambika ndi zingwe za maukonde a eni ake, atasenza ukonde wakale umene anagula. Anangoti, “Amake Rashidi, ndinalibe nkhope yobwerera chimanjamanja.” Katundu uja ndinamumasula mwakachetechete, ndipo mpaka lero sadziwa kuti anamangidwapo.

Kumene ukupitako zoterezi uzipeza. Chakudya chawo chidzakuotcha m'kamwa. Aphunzitsi adzalankhula mothamanga, iwe osatolapo kanthu. Ena adzakuyang'anitsitsa khungu mumsewu, ena adzasuntha ukakhala nawo pafupi. Mwina mayeso oyamba udzalephera, iwe amene sunalepherepo, ndipo ndikukudziwa, udzadzitsekera m'chipinda n'kuyamba kupinda zovala. Usadzamange katundu chifukwa cha zimenezo. Amenewo ndiye malo okumbika amene a Bonifasi ankanena. Ali ndi polekezera, ndipo pali chimene manja ako angachite: kuwerenganso, kufunsa, kupeza mnzako mmodzi wodya naye. Sunga khosi, mkanda uoneka. Wamva, Hawa? Kumeneko kulibe mtsinje wodzakutsekereza, udzadziletse wekha.

Koma pali kagwiritsidwe kena ka mawuwa kamene ndimadana nako, ndipo ndinakaona pa mng'ono wanga, amayi ako aang'ono Asiyatu. Umadziwa kuti khutu lawo lakumanzere silimva. Tinakuuza kuti ndi malungo. Sanali malungo. Pamene ankaphunzitsa pa boma, ali pabanja ndi bambo uja wa mu ofesi, ndinkawapitira ndikagulitsa usipa. Tsiku lina ndinawapeza tsaya litatupa, atalipaka paudala wambiri ngati akupita ku ukwati. Nditafunsa, anaseka n'kunena kuti, “Achemwali, musadandaule. Ife tili pa ka rough patch, banja lililonse limadutsamo.” Mawuwo ndinali nditawalawa kale. Ndinakauza amalume ako, amene anali nkhoswe ya banjalo. Anapita. Anawalandira pa sofa, kuwatsegulira zakumwa, mwamuna ndi mkazi onse akumwetulira, onse akubwereza Chizungu chomwecho. Amalume ako anabwerako ali manyazi okhaokha. Anandiuza kuti, “Nanga ine ndiweruze mlandu umene mwini wake sanaunene? Anthu ophunzira aja ali ndi njira zawo.”

Sipanapite nthawi, amayi ako aang'ono anafika pano pa kabaza, magazi atauma m'khosi kuchokera m'khutu. Tsiku limenelo Chizungu chinawathera. Anakhala pansi apo pakhomo n'kunena m'Chiyao chathu chenicheni kuti, akundimenya, andipha. Amalume ako sanamalize ngakhale tiyi amene anali m'manja. Anadzuka, anatenga anyamata, ndipo pofika madzulo katundu yense anali pano. Zikanatheka kale zimenezo, khutu likadali lamoyo.

Waona kusiyana kwake? Vuto ukalinena m'chilankhulo cha eni, silipweteka pakamwa, ndipo silidzutsa munthu pamphasa. Limamveka laukhondo, ngati lavala taye. Ndaona anthu ambiri kuno akuchita zimenezi. Mnyamata amuchotsa ntchito ku Joni, akugona pansi pa mlatho, koma kwa mayi ake atumiza Chizungu. Mwamuna wagulitsa injini chifukwa cha juga, kwa mkazi wake Chizungu. Sikuti onse ndi oipa mtima. Ambiri ndi amanyazi, ena ndi amantha. Mchimwene wako ndi wamantha. Kuyambira ali mwana, akaswa kanthu ankayamba kulankhula Chizungu cha kusukulu, ine n'kudziwiratu kuti ndikayang'ane mbale. Usamukwiyire. Amakukonda, ndipo akuopa kuti ukadziwa sukwera ndege.

Choncho ndikukulamula, sindikupempha. Ukamaimba foni kuno, za nyengo ndi za maphunziro unene m'chilankhulo chilichonse chimene ukufuna. Koma zikakuvuta, unene m'Chichewa kapena m'Chiyao, ndipo utchule chinthucho dzina lake. Ndikudwala. Ndili ndi njala. Mwamuna wina akundivutitsa. Ndachimwa. Ndili ndi mimba. Inde, ngakhale limenelo, Mulungu atalikitse. Amalume ako adzakalipa, koma adzadzuka pamphasa. Ukadzawatumizira mawu osalala adzagona tulo, iwe ukumira. Pasipoti yako usapatse munthu kuti akusungire, swala usasiye ngakhale anzako akuseke, ndipo amayi ako aang'ono ukamalankhula nawo uzikweza mawu, amachita manyazi kunena kuti sanamve.

Tsono popeza ndakulamula, ndiyambe ndine. Imva m'Chichewa.

Ndili ndi khansa ya khomo la chiberekero. Si zilonda za m'mimba monga takhala tikukuuzira. Ulendo uja wa ku Blantyre, umene tinati ndikukaona mwana wa msuweni wanga, unali wa kuchipatala. Anandiyeza, anandidula kanyama, anandiuza kuti ndibwerenso. Nditabwereranso, dokotala wake anali mtsikana, wamkulu pang'ono kwa iwe, wa timanja tozizira. Anakoka mpando n'kukhala pafupi nane. Anati matendawa afalikira, opaleshoni singathandize. Ndinamufunsa mafunso anga aja. Ndinati, “Adokotala, zitha liti, nanga tikuchitapo chiyani?” Sanathawire ku Chizungu mwana uja, Mulungu amudalitse. Anati, “Mayi, izi sizitha. Chimene tingachite ndi kuchepetsa ululu kuti masiku anu akhale opepuka.” Botolo lija ndimabisa kuseri kwa thumba la mpunga ndi la mankhwala amenewo. Za masiku sananene, ndipo ine sindinafunse. Amadziwa ndi Mwini wake. Koma thupi ndi langa, ndikulimva mmene likupitira. Holide imene Rashidi akunenayo sindiiona.

Bambo ako akudziwa. N'chifukwa chake akhala akusoka ukonde umodzimodzi mwezi wonse, ukonde wopanda pong'ambika. Iwo, Rashidi ndi amalume ako anapangana kuti usauzidwe mpaka utakhazikika kusukulu. Ndinawamvera masiku onsewa, chifukwa nanenso ndinkaopa chimene iwo akuopa. Koma dzana nditamva kuseka kwako kuja, ndinadziwa kuti sindingathe. Ukanadzamva uli kutali, ukanadzakumbukira kuti unatsanzika mayi ako mothamanga, maso ali pa chikwama, ndipo sukanadzakhulupiriranso munthu aliyense wa m'nyumba muno. Ndikanakubera chinthu chimene palibe akanadzakubwezera.

Ndikudziwa chimene chabwera m'mutu mwako tsopano, chifukwa mutu umenewo ndinaubereka ndine. Ukuti sindipita. Upita, Hawa. Ukatsala undichiritsa? Utsala kuti uzinyamula beseni ndi kuchapa nsalu. Beseni anyamula amayi ako aang'ono, anandiuza okha kuti ndi nthawi yawo. Mwayi ngati uwu sugogoda kawiri pakhomo pa msodzi, ndipo amene anakusankha kuti akulipirire sukuluwo ali ndi ana ena ambirimbiri amene akudikira kuti wina akane. Ine ndikupita, utsale usatsale. Ukatsala, pakatha miyezi ingapo udzakhala wopanda mayi ndiponso wopanda sukulu, ukuyanika usipa pa thandala langa, amuna a pa doko akukuyeza ndi maso. Ndanunkha nsomba zaka zonsezi kuti iwe usadzanunkhe. Ukandichita zimenezo sindikukhululukira, ndipo ndilibe nthawi yokwanira yoti mtima wanga udzabwerere. Ndikuopa kufa, sindikubisira. Usiku ululu ukandigwira ndimaopa ngati mwana. Koma kuopa kumeneko n'kochepa poyerekeza ndi kuopa kukuona ukumasula chikwama icho.

Mtsikana wa ku Blantyre uja anandiuzanso kuti matendawa akapezeka msanga amachizika. Ine ndinazengereza chifukwa cha manyazi, kumangoti ndi za akazi, zisiya zokha. Iwe uzikayezetsa nthawi yake ikakwana. Ndipo ukadzamaliza n'kubwera kudzagwira ntchito kuno, akazi ngati ine adzabwera pa windo lako atamanga nsalu kumaso, akulankhula mozungulira. Udzakoke mpando.

Chatsala chimodzi, ndipo ndicho chandilemetsa dzanja. Mwambo wathu ukuudziwa. Munthu akamwalira m'mawa, dzuwa lisanalowe wagona kale kumanda. Ndege ya ku India siingapikisane ndi jeneza yonyamulira maliro. Foni imeneyo ikadzalira, usadzathamangire kubwalo la ndege, usadzasokoneze anthu kuti akusonkhere ulendo. Udzapeza mphasa zitayalulidwa. Udzalire komweko, udzandichitire pemphero la dua, udzagawe kachakudya kwa wosauka aliyense amene udzamuone, ndipo ikadzatha sabata udzalowe m'kalasi. Sadaka ya maliro anga udzaipeza ukadzabwera.

Zimenezo ndazivomera. Chimene chikundikanika kuvomera ndi ichi: tsiku limenelo akazi adzatchinga nsalu, adzatereka madzi, adzandisambitsa, ndipo pa manja onsewo sipadzakhala ako. Ine amayi anga ndinawasambitsa. Ndinawathira madzi kuyambira kumanja, ndinawapesa, ndinawaluka tsitsi, ndipo pamene ndinkatero m'pamene mtima wanga unavomera kuti apita. Mwana wamkazi amene sanasambitse mayi ake amayenda ndi madzi amenewo moyo wake wonse. Sindikufuna uyende nawo.

Nkhanga zinapangana kusanapse. Tsono ukamaliza kuwerenga, lira kaye, koma ulirire kuchipinda, bambo ako asakumve, sangapirire. Ukatha, usabwere kudzakangana nane, za ulendo zatha. Pita kukhitchini utereke madzi. Tenga sopo, chipeso ndi mafuta, uitane amayi ako aang'ono adzandigwirizize popita kubafa, kenaka atisiye awiri. Undisambitse wekha. Uona mmene thupi lathera pansi pa nsalu zimene ndakhala ndikudzikutira nazozi, ndipo fungo ulimva. Usatembenuze nkhope. Unditsuke msana, undipese, undiluke. Chilichonse chimene ukanadzanena kwa mtembo wanga, unene lero, ndikuyankhe. Mawa pa siteji tidzangogwirana chanza ngati anthu, iwe n'kukwera basi.

Madziwo uyambe wawayesa ndi chigongono, asatenthe kwambiri. Ndikadali moyo, ndimva.

Ndine mayi ako,
Abiti Saidi